Limu Lachisanu

Lolemba m'mawa ndinajomba kuntchito koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuti ndiperekeze mwana wanga wamkazi wachisamba kupolisi. Ali chaka chomaliza pakoleji ya zaumisiri. Anzake amamutchula Malisiti, chifukwa pagulu lawo lopanga galimoto ya mpikisano ndiye amaoda zipangizo, kukangana ndi ogulitsa ndi kusunga mapepala. Ine ndimagwira pa kauntala ya kampani yotumiza katundu. Ndimaika katoni pa sikelo, ndimalemba kulemera kwake, ndimamata pepala, wina abwere. Za magalimoto sindizidziwa ndipo sindinazifunepo.

Zimene ndinkadziwa ndi izi. Loweruka ankayesa galimoto yawo pabwalo la kuseri kwa koleji. Pokhota, limu lakutsogolo linasweka, galimoto n'kukawomba chipupa. Woyendetsa, mnzawo wochepa thupi amene amamuti Nthenga, anathyoka msana. Madokotala anali asananene ngati adzayendenso.

A Sajeni anali mayi wa msinkhu wanga, wa maso otopa ngati anga. Anakhuthulira patebulo zidutswa zitatu zachitsulo.

“Limu ndi chitsulo chimene amavekapo tayala, mayi.”

“Ndamva. Pitirizani.”

“Wogulitsa akuti anatumiza malimu anayi abwino, lililonse lili ndi nambala yodinda m'kati. Ili lilibe nambala. Pepala lonena kuti onse anayi ayang'anidwa ndipo ndi oyenera, anasaina ndi mwana wanuyu, Lachinayi. Aphunzitsi awo akuganiza kuti anagulitsa labwino n'kulowetsapo lachinyengo.”

“Panali lachisanu,” anatero mwana wanga, mawu ali pansi. “Longoonetsera. Wogulitsa anatibwereka kuti tijambulitse zithunzi, chifukwa linafika tsiku limodzi enawo asanafike ndipo tinkaopa kuti achedwa.”

“Aphunzitsi akuti limenelo linabwezedwa osatuluka n'komwe m'katoni. Iwe unaliona likubwezedwa?”

“Ayi. Lachitatu sindinapite kugalaja.”

“Unali kuti?”

Anayang'ana ine. Ndinayankha ndine. Bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, sangatsale okha, ndipo mayi amene amawayang'anira sanabwere tsikulo. Ndinamuletsa kupita ndine. Analira, ine ndinatenga chikwama changa n'kupita kuntchito.

A Sajeni analemba. “Mboni ndi mayi ake,” anatero, osati kwa ine, kwa pepalalo. Kenako anatseka cholembera. “Mawa masana ndikufuna yankho lina. Popanda limenelo nditsegula mlandu, ndipo akoleji anena kale kuti amuchotsa tsiku lomwelo.”

Panja ndinamuuza mwanayo kuti apite kunyumba akamwetse bambo ake mankhwala.

“Inu mukupita kuti, amayi?”

“Kumene ndinakuletsa kupita.”

*

Galaja yawo ili kumapeto kwa koleji, pafupi ndi potaya zinyalala. Choyamba kuona pakhomo ndi sikelo. Pakhoma pali bolodi lalikulu, ndipo alembapo chilichonse cha m'galimoto ndi kulemera kwake, mpaka mabawuti, mpaka nsapato za Nthenga. Chilichonse chimene ndinakhudza chinali chobooledwa mabowo kuti chipepuke. Ngakhale mpando wa woyendetsa unali ngati sefa. Galimotoyo inali pakona ataifunditsa lona.

Ndinapezamo mtsogoleri wa gululo, Kaputeni, mnyamata wamtali wa ndevu zosakwana. Ankasesa pansi posesedwa kale.

“Amayi, pepani kwambiri, ifeyo tonse tili, mwaona, tili pamavuto, komano tinauzidwa kuti tisayankhule ndi aliyense mpaka zinthu zitakhala bwino.”

“Anakuuzani ndani?”

“A Galamu.”

“Ndi dzina limenelo?”

“Ayi, ndi aphunzitsi athu. Timangowatchula choncho. Amati galamu iliyonse ndi mdani.”

“Ika tsache pansi, mwanawe. Wadyapo kwanga kangati?”

Analiika.

“Limu lachisanu linatuluka m'katoni kapena ayi?”

Anayang'ana kuchitseko. “Linatuluka. Wojambula anati asanu patebulo amaoneka bwino kuposa anayi. Zithunzizo zinali za makampani amene amatithandiza, ndiye mukudziwa, zimafunika zioneke.”

“Munkalisiyanitsa bwanji ndi enawo?”

“Linali ndi mzere wachikasu wa penti, kuzungulira m'mphepete.”

“Pa zidutswa zimene zili kupolisi palibe chikasu.”

Manja ake anali akuda ndi girizi, ndipo anayamba kuwapukuta pa buluku ngati angayere.

“Wojambula anati mzerewo ukuononga chithunzi. Ndinaufufuta ndine. Ndinkati ndiulembanso tikamaliza, amayi, zoona, penti ndinaika apo. Kenako kunabwera anthu, kujambula, kusuntha uku, kusuntha uko.”

“Ndiye asanu anafanana.”

“Anafanana.”

“Lobweza munalidziwa bwanji?”

Maso ake anapita pa sikelo ya pakhomo ija, n'kubwerera kwa ine.

“Amayi, kwatsala miyezi iwiri kuti ndimalize. Amene amachonga ntchito yanga ndi a Galamu omwewo.”

“Wanga kwatsala tsiku limodzi.”

Anatolanso tsache lake.

*

Sitolo ya malimu ili kumafakitale, maminibasi awiri kuchokera kukoleji. Mwini wake ndi bambo wonenepa wa magalasi pamphumi, wa pakamwa posatseka. Nditangotchula koleji anakweza manja onse awiri.

“Ana amenewo, mayi, andikalambitsa. Munthu wa lole amabwera, amaloza, amanyamula, wapita. Awa? Malimu anayi okha, koma foni kakhumi patsiku. Bwana likulemera bwanji. Bwana mabowo atalikirana bwanji. Bwana tumizaninso chojambula, chija sichikuwerengeka. Bwana tikumatirani dzina lanu pagalimoto mutichotsereko. Dzina langa pagalimoto! Lero ndi ilo lili pagalimoto, apolisi aliwerenga bwinobwino.”

“Amene ankakuimbiraniyo ndi mwana wanga.”

Anatsitsa manja. “Malisiti? Aa. Mtsikana waukali ameneyo. Anandibwezera mabawuti kawiri. Koma ine anga anayi anali abwino, mayi. Manambala ndili nawo.”

“Longoonetsera limasiyana chiyani ndi enawo?”

“Kunja palibe. Ndi la pawindo, lokopera anthu. Silinalowe m'ng'anjo yolimbitsira, ndipo m'kati ndi lopyapyala. Mukhoza kulikweza ndi chala. Kuliika pagalimoto ndi kuika mbale yadothi. N'chifukwa chake timalilemba chikasu. Ndinawauza, ndinawalembera, ndipo anandibwezera. Si ilo apo.”

Analoza pashelefu pamwamba pa mabatire. Panali katoni yomata ndi tepi ya kampani yathu.

“Munaitsegula?”

“Nditsegule chifukwa chiyani? Katundu wanga ndimam'dziwa.”

“Tsitsani.”

Anang'ung'udza koma anatsitsa. Ndinailandira ndi manja awiri. Munthu ukanyamula makatoni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sikelo imangokhala yotsimikizira. Manja anandiuza makilo anayi.

“Popita inalemera bwanji?”

Anafufuza m'kabati, kwinaku akunena za mphwake amene amasokoneza mapepala. Analipeza. Makilo atatu ndi theka.

“Katoni yomweyi?”

“Yomweyi. Onani pakona pamene ndinalemba.”

Ndinaitembenuza kuti ndione pepala lobwerera. Makilo anayi. Nambala folo yake inali yotseka pamwamba ngati kanyumba, mmene ndimalembera ine ndekha pa kauntala ponse paja. Inadutsa m'manja mwanga Lachitatu masana, mwana wanga ali kunyumba akusintha zofunda za bambo ake.

Bamboyo anatenga mpeni.

“Musadule,” ndinatero. “Tepi imeneyo ikadulidwe pamaso pa a Sajeni. Muinyamule nokha mawa, ndi mapepala onse awiri.”

“Mukuti muli labwino umu?”

“Ndikuti musadule.”

Anakhala pa tayala. Ine ndinali kuwerenga mzere wa wotumiza. Sanali wophunzira. Dzinalo linayamba ndi maudindo awiri, ndipo siginecha yake inali yaitali, yodzikonda. Nkhope inabwera yokha. Bambo wa jekete la bulawuni amene anandiuza kuti ndichotse katoni pa sikelo kaye, aone ngati muvi uli pa ziro.

*

Ofesi ya a Galamu ili pamwamba, masitepe makumi atatu ndi awiri, ndipo mawondo anga anawerenga onse. Jekete la bulawuni linali pa mpando.

“Mayi, khalani. Ndikumvetsa ululu wanu. Tonse pano tasweka mtima. Mwana wanu ndi wanzeru, ndipo palibe amene akufuna kumuweruza nthawi isanakwane.”

“Munauza apolisi kuti anaba limu.”

“Ndinati n'zotheka. Munthu wasayansi satseka khomo lililonse.”

“Simukundikumbukira?”

Anandiyang'ana mmene anthu amayang'anira munthu wa pa kauntala akakumana naye kwina. Sanandikumbuke.

“Lachitatu, itangokwana thu koloko. Munati sikelo zathu zimaba.”

Chala chake chinasiya kugogoda patebulo.

“Munauza a Sajeni kuti limu silinatuluke m'katoni. Linalowa pano ndi makilo atatu ndi theka, linatuluka ndi anayi. Linanenepa ndi chiyani m'katonimo?”

“Sikelo zimasiyana.”

“Yanga munaiona nokha ili pa ziro.”

Anaimirira n'kupita pawindo. Atayankhulanso, anayankhula ngati ali m'kalasi, ndipo ndikuganiza kuti sakanatha kudziletsa.

“Panali malimu asanu ofanana. Panafunika njira yowasiyanitsira, ndipo ndinagwiritsa ntchito njira yomveka. Chinthu chongoonetsera amachipanga ndi chitsulo chotchipa. Chitsulo chotchipa chimalemera. Zimenezi mwana wa chaka choyamba amazidziwa. Ndinayeza onse asanu, ndinachotsa lolemera kwambiri.”

“Ndipo limodzi litapepuka ndi theka la kilo lonse, simunadabwe?”

“Tinaombera m'manja,” anatero.

“Nambala inali m'kati. Kunali kungotembenuza.”

“Kutembenuza inali ntchito ya amene amasaina.” Anabwerera pampando, ndipo mawu ake anazizira. “Ndikuuzeni zoona, mayi, poti mwakwera masitepe onsewa. Mukapita nazo zimenezi, gulu litsekedwa. Ana makumi awiri ataya ntchito ya zaka ziwiri. Ndipo siginecha ya mwana wanu sichoka papepala lija. Iye analemba kuti wayang'ana.”

“Ndiye munaona kuti wanga mmodzi apepuka kuposa makumi awiri.”

“Sindinanene choncho.”

“Simunena zambiri inu.”

Ndinatsika. Kutsika kumapweteka kuposa kukwera.

*

M'mawa mwake ine ndi mwana wanga tinasambitsa bambo ake monga mwa masiku onse. Ine ndimagwira kumapewa, iye kumiyendo, timawerenga mpaka katatu n'kuwakweza pa mpando. Ndinali nditamufotokozera zonse dzulo lake, ndipo ndinkayembekeza kuti agona tulo. Maso ake anali otupa.

Tili kukhitchini, ndikutsuka beseni, anatseka chitseko.

“Amayi.”

“Fulumira, madzi akutha.”

“Lachinayi malimu ndinawanyamula ndine kupita nawo kwa wokhoma matayala. Awiri ulendo woyamba, awiri wachiwiri. Dzanja ili limodzi, ili limodzi.”

Ndinatseka mpopi.

“Ulendo wachiwiri, la kumanzere linapepuka.”

“Unamva?”

“Ndinamva. Manja anuwa.” Anawatambasula ngati akundibwezera. “Ndinaganiza za lachisanu lija. Ndinaima pakhomo, ndinayang'ana mzere wachikasu, panalibe. Wokhoma matayala amatseka folo koloko, kunali kutatsala mphindi khumi, ndipo tikanaphonya tsikulo sitikanayesa Loweruka. Ndinati ndikatembenuza ndikafika. Nditafika anangolanda n'kuyamba kukhoma. Tayala likalowa, nambala siionekanso.”

“Kenako unasaina.”

“Kenako ndinasaina. Ndinakondwanso, amayi. Ndinati tapeza lopepuka.”

Kuchipinda bambo ake anakhosomola. Tinadikira, anasiya.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza nthawi yaitali. Sindinaganize. Ndinaona zaka zinayi za koleji, ndinaona bambo ake pa mpando uja, ang'ono ake awiri amene akudikira kuti achemwali awo ayambe ntchito, ndi msana wanga umene sufika zaka zina zisanu pa kauntala.

“Wauza ndani?”

“Palibe.”

“Kaputeni?”

“Palibe, amayi.”

“Mvera. Akakufunsa za pepala, uyankhe za pepala. Unawerenga anayi, unaona kuti palibe chikasu, unasaina. Zonsezo ndi zoona. Za m'manja mwako palibe amene anaziyeza.”

“Koma Nthenga…”

“Nthenga sadzuka chifukwa iwe walira pamaso pa wapolisi. Anafufuta mzere ndi wina, anasankha ndi wina, ananama ndi wina. Ukatsegula pakamwa, onsewo atsika, utsala wekha. Wamva?”

Anayang'ana beseni.

“Ndati wamva?”

“Ndamva.”

“Kavale bulauzi yoyera ija.”

*

Bambo wa malimu anafika tisanafike, katoni ili pamiyendo ngati mwana wodwala. A Sajeni anajambula tepi mbali zonse, anaidula, n'kutulutsa limu lonyezimira. Analitembenuza. Nambala inalipo, ndipo inagwirizana ndi yachitatu pa mndandanda wa wogulitsa. Anawerenga mapepala awiri aja, anawerenga dzina la wotumiza kawiri, kenako anatuma wapolisi wina kukoleji kuti akatenge aphunzitsi ndi Kaputeni, aliyense m'galimoto yakeyake.

“Amene analemba kulemeraku ndi ndani?”

“Ndine.”

Anandiyang'ana pamwamba pa pepalalo. “Mayi akenso.”

“Kope lina lili ku ofesi kwathu, lili ndi chidindo cha tsikulo. Kamera ya pa kauntala imasunga masabata awiri. Fulumirani.”

Analemba. Kenako anatembenukira kwa mwana wanga, ndipo mawu awo anafewa, zimene zinandiopsa kuposa ukali.

“Za kuba zatha, mwanawe. Latsala funso limodzi, ndipo uganize usanayankhe. Lachinayi, pamene unkanyamula malimu aja, panali chilichonse chimene chinakudabwitsa? Chilichonse, ngakhale chaching'ono?”

Sindinamuyang'ane. Ndinayang'ana khoma. Ndinkamva kupuma kwake pambali panga, ndipo ndinali wokonzeka kuti alira, chifukwa mwana ameneyu sanathepo kunama ngakhale za shuga.

“Ayi,” anatero. “Ndinawerenga anayi, panalibe chikasu, ndinasaina.”

Mawu ake sananjenjemere. Anali ouma, achidule, osasiya mpata wa funso lina. Ndi mawu amene ndimayankhira anthu pa kauntala akamati katoni yawo inafika yophwanyika.

A Sajeni anamupatsa cholembera, anasaina, anatiuza kuti tizipita.

M'khonde munali mayi wina wamng'ono thupi, atavala juzi mozondoka, m'manja muli kachikwama ka pulasitiki ka mabotolo a mankhwala. Anaimirira atationa. Sindinafunse kuti ndi ndani. Nkhope yake inali ya Nthenga yeniyeni, imene ndinaiona pa chithunzi chomatidwa pa bolodi la m'galaja.

“Ndinu amake a Malisiti?”

“Ndine.”

“Ndabwera kudzamva. Kuchipatala andiuza m'mawa uno kuti miyendo ndiye ayi.” Ananena ngati akunena za nyengo. “Iye akungofunsa za mwana wanuyu. Akuti musamuvutitse, Malisiti salola kanthu kudutsa asanakaone, anabweza mabawuti kawiri.” Anagwira dzanja la mwana wanga, lakumanzere, n'kulisisita. “Ine ndingofuna kumva kwa mayi mnzanga, kuti ndikamuuze agone. Mwanayu sanadziwe, eti?”

Mwana wanga anatsegula pakamwa. Ndinamugwira pachigongono, ndipo ndinafinya mpaka ndinamva fupa.

“Sanadziwe,” ndinatero.

“Ndinadziwa ine,” anatero mayiyo. “Zikomo, amayi. Mulungu akusungireni mwanayu.”

Anakhalanso pansi kudikira a Sajeni. Ife tinatuluka. Mpaka pokwerera minibasi mwana wanga anayenda patsogolo panga, ndipo minibasi itabwera anakakhala kumbuyo, pampando wa munthu mmodzi.